Musanatamande mankhwala ochiza mbewa, funsani kuti mbewayo inadwala bwanji

Tengani mbewa ya mu labotale ya mtundu wa C57BL/6, ya milungu 8 kapena 10, yolemera magalamu 20 ndi pang'ono. M'madzi ake akumwa sungunulanimo ufa woyera wotchedwa DSS, magalamu 2 kapena 3 pa mamililita 100 aliwonse. Masiku awiri oyamba imangothamangathamanga m'khola ngati palibe chachitika. Pofika tsiku lachinayi kapena lachisanu, chimbudzi chake, chomwe chimakhala timibulu touma, chimafewa n'kumamatirira pa utuchi, ndipo sikelo imaonetsa kuti thupi layamba kutsika. Tsiku la 7 mumaipeza itakhala duu pakona, msana utapindika, ubweya utaima, magazi ali kumbuyo. Mukaipha n'kuyala thumbo lake lalikulu pa rula, thumbo lomwe limayenera kutalika masentimita 7 kapena 8 limapezeka lafupika kufika pa 5 kapena 6, mkati muli chimbudzi chamadzi chosakanikirana ndi magazi.

Njira imeneyi anaiyambitsa ndi Isao Okayasu ndi anzake ku Japan m'chaka cha 1990, ndipo lero ndi imene ofufuza za kutupa kwa matumbo amathamangirako kwambiri. Ndi yotchipa, imatha pa sabata imodzi, siifuna makina odula. Chimene chimandivuta ndi zimene anthu amalemba akamaliza. Amapatsa mbewa khumi mankhwala awo, amapeza kuti thumbo silinafupike kwambiri ngati la zinzake, basi n'kulengeza kuti apeza chinthu chowongolera chitetezo cha m'thupi chomwe chingathandize odwala matenda a Crohn kapena ulcerative colitis, matenda okhalitsa otupitsa matumbo a anthu. Katundu ameneyo mbewa ya DSS singamusenze. M'chaka cha 1994, Levinus Dieleman ndi anzake anamwetsa DSS mbewa za SCID, zomwe zimabadwa zopanda maselo a T ndi a B ogwira ntchito (magulu awiri a asilikali a chitetezo cha m'thupi), ndipo nazonso zinadwala. Ngati nyama yopanda maselo a T ikudwala, woyambitsa matendawo sangakhale maselo a T. DSS imawononga kakhungu ka m'kati mwa thumbo, mabakiteriya n'kulowerera m'mnofu, ndipo chimene mukuyeza pamenepo ndi chilonda ndi kapoledwe kake. Funso la chilonda ndi labwino ndithu, koma n'losiyana ndi funso la chitetezo chimene chasokonekera chokha.

Ine ndili kumbali ya kafukufuku wa pa nyama m'nkhani imeneyi. Koma ndikuumirira kuti mawu akuti "mbewa yodwala matumbo" sanena kanthu mpaka wolemba atatiuza njira imene inadwalira, khola limene inkakhala, chimene inkadya, ndi tsiku limene anayamba kuipatsa mankhwala.

Matumbo ndi malo ovuta kuwalondera. Muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo chowalekanitsa ndi mnofu wathu ndi mzere umodzi wokha wa maselo wokutidwa ndi zonanda. Kuseri kwa mzerewo kwadzaza asilikali a m'thupi. Akanakhala omenya chilichonse chachilendo, bwenzi tikutupa matumbo nthawi iliyonse tikadya. Akanakhala olekerera chilichonse, Salmonella akanatimaliza kalekale. Pakati pa maselo a CD4, omwewo amene achipatala amawerenga mwa munthu yemwe ali ndi HIV, pali kagulu komwe ntchito yake ndi kuleretsa ndewu. Ofufuza amawatchula kuti ma Treg. M'magazi amakhala 5 mpaka 10 pa maselo 100 aliwonse a CD4, koma m'thumbo lalikulu la mbewa amachuluka kuposa pamenepo. Poleretsa amatumiza mauthenga monga IL-10 ndi TGF-beta, komanso amagwiritsa ntchito puloteni ya pakhungu pawo yotchedwa CTLA-4.

Chaka cha 1993 n'chimene chinatsegula anthu m'maso. Magulu atatu a ofufuza, lililonse palokha, anachotsa jini limodzi mu mbewa, ndiko kuti kachigawo ka DNA kokhala ndi malangizo opangira puloteni inayake. Ena anachotsa la uthenga wina wotchedwa IL-2, ena la chida chimene maselo a T amazindikirira adani, ndipo gulu la Klaus Rajewsky ndi Werner Müller ku Cologne linachotsa la IL-10. Popanda kuzimwetsa chilichonse, mbewa zamitundu itatuyi zinatupa matumbo zokha. Nthawi imeneyo ambiri ankasakasaka kachilombo kamodzi koyambitsa matenda a Crohn, koma mbewa zija zinaonetsa kuti kungochotsa woleretsa n'kokwanira kuti pabuke nkhondo.

Umboni wooneka bwino kuposa wonse unachokera chaka chomwecho kwa Fiona Powrie, yemwe panthawiyo anali ku malo ofufuzira a DNAX ku California, pano ali ku Oxford. Njira yake ikugwirabe ntchito, ndipo ndi imene imafunsa za maselo oleretsa mosapita m'mbali. Mumachotsa kapamba (spleen) mu mbewa zathanzi n'kutikita pa kasefa ka timabowo ta ma micron 70 kuti maselo alekane. Mumaphulitsa maselo ofiira a magazi ndi madzi a ammonium chloride, n'kupatula a CD4 pogwiritsa ntchito timikanda ta maginito. Kenako mumawapaka ma antibody owala, mapuloteni omatirira pa chizindikiro chimodzi chokha, n'kuwadutsitsa m'makina osankha maselo limodzilimodzi. Makinawo amawagawa pawiri: owala kwambiri pa chizindikiro cha CD45RB, omwe ndi maselo ongotuluka kumene osadziwa nkhondo, ndi owala pang'ono, momwe muli oleretsa aja. Osadziwa nkhondowo mumabaya 400,000 kapena 500,000 m'mimba mwa mbewa ya SCID kapena ya Rag, yomwe ilibe maselo a T akeake.

Apa ndiye kuona maso a nkhono n'kudekha. Milungu itatu yoyamba mbewa imanenepa ngati zinzake. Pakati pa mlungu wa 4 ndi wa 8 thupi limayamba kutsika, chimbudzi kufewa. Pa maikulosikopu khoma la thumbo limaoneka litakhuthala, timaenje ta m'khomamo titatalika, maselo opanga zonanda atachepa, paliponse padzaza maselo a T ndi ma macrophage, maselo omeza tizilombo. Tsopano tengani mbewa ina yofanana nayo, muibaye maselo omwewo, koma muwonjezerepo oleretsa 100,000 kapena 200,000. Imeneyo siidwala. Chakudya n'chimodzi, mabakiteriya ndi amodzi, zasiyana pa kagulu kamodzi kokha ka maselo.

Zolakwika pa njirayi n'zambiri, ndipo chilichonse chimabala zotsatira zonyenga. Makina akasankha mosasamala, oleretsa ochepa n'kutsalira m'gulu la osadziwa nkhondo, mbewa sizidwala, miyezi iwiri yapita pachabe. N'chifukwa chake mumabwezera kadontho m'makina kuti mutsimikize kuti maselo oyenera afika pa 98 peresenti, ndipo ambiri masiku ano amachotseratu onse okhala ndi chizindikiro cha CD25. Maselo akakhalitsa pa tebulo osaikidwa pa ayezi, ambiri amafa, ndiye chiwerengero chimene mwabaya sichikhala chimene mwalemba m'buku. Singano ikaboola thumbo kapena chikhodzodzo, maselo atayika. Mukatenga maselo a mbewa yaikazi n'kubaya yaimuna, angathe kuona mapuloteni ochokera ku chromosome Y ngati adani, matenda n'kusakanikirana ndi ena amene simunawafune. Choncho pomaliza muyenera kufufuza ngati maselo a CD4 alipodi m'kapamba ndi m'thumbo la mbewa iliyonse. Mbewa imene maselo sanakhazikike imaoneka yathanzi, ndipo ikagwera m'gulu lolandira mankhwala, wofufuza wopupuluma amaiwerenga ngati yochira. Lamulo lochotsera mbewa zotere liyenera kulembedwa kafukufuku asanayambe.

Palinso kusiyana kumene malipoti ambiri amakukwirira mkatikati, kumene owerenga safikako. Kupereka mankhwala tsiku lomwelo limene mwayamba kudwalitsa mbewa, kapena sabata imodzi musanayambe, kumeneko ndi kupewa. Munthu amafika kuchipatala atatsegula m'mimba miyezi, thumbo lili zilonda kale. M'chaka cha 2003, Christian Mottet, Holm Uhlig ndi Powrie anadikira milungu inayi mpaka mbewa zitadwala, ndiye n'kubaya ma Treg, ndipo matumbo anapola m'milungu yotsatira. Aliyense wolemba mawu oti "kuchiza" ayenera kufika pa muyezo umenewo.

DSS ili ndi misampha yakeyake. Mbewa imamwa pafupifupi mamililita 4 patsiku, ndipo mlingo wa DSS umene yalandira umadalira ludzu lake. Mankhwala anu akakhala owawa n'kuikidwa m'botolo lomwelo, kapena akamaifooketsa n'kumamwa pang'ono, imalandira DSS yochepa ndipo imaoneka ngati yatetezedwa. Botolo liyenera kukwera pa sikelo tsiku lililonse, ndipo madziwo azisinthidwa pakapita masiku awiri kapena atatu. Ufa wake ukhale wa ma dalton (muyezo wa kulemera kwa timagawo ta ufawo) 36,000 mpaka 50,000. Waukulu kwambiri kuposa pamenepo suwononga thumbo chimodzimodzi. Paketi yatsopano, ngakhale ya kampani yomweyo, muyambe mwaiyesa pa mbewa zochepa chifukwa mphamvu yake imasiyana. Mbewa za BALB/c zimafuna mlingo wokwererapo kuposa za C57BL/6, ndipo zazimuna zimadwala kwambiri kuposa zazikazi.

Nayo njira ya Powrie ili ndi malire ake. Maselo a T akalowa m'thupi lopanda anzawo amaswana mothamanga kuti adzaze malo, ndipo kuswana kumeneko kumathandizira kudwala. Mbewayo ilibenso maselo a B, ilibe ma antibody a m'matumbo. Wodwala Crohn wamba sali choncho. Njirayi imayankha bwino funso la chimene selo loleretsa limafuna kuti ligwire ntchito, koma siingakuuzeni chifukwa chake mnyamata wa zaka 19 wokhala ndi chitetezo chonse wayamba kudwala.

Amene amati zonsezi ndi nkhani za mbewa zokha ayambe aona mbiri ya scurfy. Mbewa imeneyi inatulukira ku Oak Ridge ku Tennessee m'zaka za m'ma 1940. Ana ake aamuna amakhala ndi khungu lamakwekwe ndipo amafa asanakwanitse mwezi, chitetezo chawo chomwe chitawaukira. M'chaka cha 2001 Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell anapeza jini lowonongekalo, Foxp3, ndipo chaka chomwecho zinadziwika kuti ndi jini lomwelo limene limawonongeka mwa ana aamuna odwala IPEX, amene amatsegula m'mimba mosalekeza ali makanda, n'kudwalanso shuga ndi zilonda za pakhungu. Shimon Sakaguchi, yemwe mu 1995 anaonetsa kuti oleretsa amadziwika ndi CD25, analumikiza ziwirizi mu 2003: Foxp3 ndi limene limapanga selo kukhala loleretsa. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya zachipatala mu 2025. Ndipo m'chaka cha 2000 gulu la Powrie linaonetsa kuti mukatseka CTLA-4, oleretsa amalephera kuteteza thumbo la mbewa. Lero madokotala a khansa akapereka ipilimumab, mankhwala otseka CTLA-4 dala kuti chitetezo chimenye chotupa, limodzi mwa mavuto amene amawayang'anira kwambiri ndi kutupa kwa thumbo lalikulu. Mbewa inanena zimenezo kale.

Nkhani ya IL-10 ndiyo imaonetsa mbali zonse ziwiri. Mbewa yopanda IL-10 imadwala, ndiye ofufuza anaganiza kuti kubaya IL-10 kuchiza anthu. Anayesa pa odwala Crohn, zotsatira zinatuluka mu 2000, ndipo phindu lake linali lochepa kwambiri moti mankhwalawo anasiyidwa. Pa mlingo waukulu anapezeka kuti akudzutsanso interferon-gamma, uthenga womwe umakolezera moto. Kodi mbewa inanama? Ayi. Mu 2009 Erik-Oliver Glocker ndi anzake anafotokoza za ana obadwa ndi vuto pa cholandirira uthenga wa IL-10, amene amadwala zilonda zoopsa za m'matumbo ndi za kumatako asanathe chaka chimodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anachira atamuika maselo opanga magazi a m'bale wake. Mbewa ija inkafanana ndi ana amenewo. Akuluakulu ambiri odwala Crohn IL-10 ali nayo kale, choncho kuwawonjezera kunali kuthira madzi m'mtsuko wodzaza. Mu 2014 magulu awiri anaonetsanso kuti selo lofunika kwambiri kumva uthengawu m'thumbo ndi macrophage. Mukachotsa cholandirira mwa iye yekha, mbewa imadwala ngakhale IL-10 ilipo yambiri.

Pa mauthenga ena awiri, IL-23 ndi IL-17, ndi pamene ndimaona kuti cholakwa chinali cha owerenga. M'chaka cha 2006 kafukufuku angapo a mbewa anaonetsa kuti IL-23 ndi imene imayendetsa kutupa kwa matumbo, ndipo chaka chomwecho Richard Duerr ndi anzake anapeza kuti kusiyana kwa jini la cholandirira IL-23 kumateteza anthu ena ku matenda a Crohn. Mbewa ndi munthu analankhula chimodzi, ndipo mankhwala anatsatira: ustekinumab inaloledwa ku United States pa matenda a Crohn mu 2016, risankizumab mu 2022. Popeza IL-23 imalimbikitsa maselo otulutsa IL-17, ambiri anaganiza kuti kutseka IL-17 kuchitanso chimodzimodzi, makamaka poti pa matenda a khungu a psoriasis kunkagwira ntchito bwino zedi. Secukinumab itayesedwa pa odwala Crohn, zotsatira za mu 2012 zinaonetsa kuti sikuthandiza, ndipo ena matenda anakula.

Chowawa n'chakuti chenjezo linalipo. Mu 2004 Atsuhiro Ogawa ndi anzake anaonetsa kuti kutseka IL-17 kumakulitsa matenda mu mbewa za DSS, ndipo mu 2009 gulu la Richard Flavell ku Yale linapeza kuti IL-17A imateteza pa njira yobaya maselo a T ija. Mu 2015 zinadziwika chifukwa chake: IL-17A imathandiza kumanga timfundo tolumikiza maselo a kakhungu ka thumbo, makamaka puloteni yotchedwa occludin, ndipo ina imachokera ku maselo a T a mtundu wa gamma-delta omwe sadikira IL-23. Onani kuti apa DSS inagwira ntchito yake yeniyeni. Funso linali la kulimba kwa khoma, ndipo pa funso limenelo DSS imayankha zoona.

Tsopano za khola, zomwe kwa ine ndi zazikulu kuposa zonse. Mu 1998 gulu la Balfour Sartor ku North Carolina linalera mbewa zopanda IL-10 m'mahema otsekedwa, momwe mulibe bakiteriya ngakhale mmodzi. Sizinadwale. Zitatulutsidwa n'kukumana ndi mabakiteriya wamba, zinadwala. Bakiteriya wina, Helicobacter hepaticus, mu mbewa yathanzi amangokhala phee m'thumbo, koma mu mbewa yopanda IL-10 amautsa matenda aakulu. Ndiye jini limodzimodzi lochotsedwa limabala matenda oopsa m'nyumba ina ya mbewa, m'nyumba ina n'kungobala pang'ono, mpaka ena amasakaniza piroxicam m'chakudya kwa milungu iwiri kuti matenda ayambe nthawi imodzi. Mu 2009 Ivaylo Ivanov, Kenya Honda ndi Dan Littman anaonetsa kuti mbewa za C57BL/6 zogulidwa ku Taconic zinali ndi maselo ambiri a Th17, otulutsa IL-17 aja, m'matumbo aang'ono, pamene za mtundu womwewo zogulidwa ku Jackson Laboratory zinali ndi ochepa kwambiri. Kusiyana kunali bakiteriya mmodzi womamatira pakhoma la thumbo, wotchedwa SFB. Zitaikidwa khola limodzi, m'milungu iwiri za ku Jackson nazo zinakhala nawo maselowo.

Mbewa zimadya chimbudzi, chawo ndi cha zinzawo. Khalidwe lake ndi limenelo, ndipo tanthauzo lake n'lakuti zokhala khola limodzi zimagawana mabakiteriya. Mu 2007 Wendy Garrett ndi Laurie Glimcher ku Harvard anaonetsa kuti kutupa kwa thumbo kwa mbewa zopanda majini a T-bet ndi Rag2 kunkapatsirana kupita ku mbewa zabwinobwino zoyamwa kapena kukhala nazo limodzi. Taganizani tsopano za kafukufuku amene timamuona kawirikawiri: mbewa zisanu zochotsedwa jini, zoswedwa m'nyumba ya wofufuzayo kwa zaka, zili m'khola limodzi, mbewa zisanu zoyerekezera nazo zagulidwa sabata yatha, zili m'khola lina. Wolemba amati wayesa mbewa khumi, koma kunena zoona wayerekeza makola awiri, ndipo palibe angadziwe ngati kusiyanako kwabwera ndi jini kapena ndi mayi amene anayamwitsa.

Njira yokonzera imadziwika, kungoti imadya ndalama. Mumakweretsa makolo awiri okhala ndi jini labwino limodzi ndi lochotsedwa limodzi. Mwa ana anayi aliwonse, pafupifupi mmodzi amabadwa wopanda jinilo ndipo mmodzi amakhala nalo lathunthu. Awiri otsalawo mumangowadyetsa. Ana a mimba imodziwo mumawasiya khola limodzi, n'kubwereza m'makola ambiri, ndipo nambala ya khola imalowa m'masamu. Ngati cholinga chanu n'kuona kusintha kwa mabakiteriyawo, ndiye muwalekanitse akaleka kuyamwa, koma gulu lililonse likhale m'makola angapo. Thumbo mulikulunge lonse ngati mphasa musanalidule, kuti kagawo kamodzi kaonetse kuyambira kumtunda mpaka kumapeto, chifukwa DSS imaluma kwambiri kumunsi ndipo wodula malo amodzi angasankhe poipa kapena pabwino. Wopereka mamalikisi pa maikulosikopu asadziwe kuti galasi ili ndi la gulu liti. Malangizo a ARRIVE a kalembedwe ka malipoti a kafukufuku wa pa nyama, omwe anatuluka mu 2010 n'kukonzedwanso mu 2020, amafuna kuti zoterezi zilembedwe, ndipo mkonzi wa magazini ya sayansi wolandira lipoti lopanda zimenezi akuthandiza kuwononga nyama pachabe.

Ukhondo weniweniwo wa nyumba za mbewa uli ndi mtengo wake. Pa 13 Malichi 2006, ku chipatala cha Northwick Park ku London, amuna 6 athanzi anabayidwa TGN1412, mankhwala omwe anapangidwa atapezeka kuti ofanana nawo amachulukitsa ma Treg mu makoswe a mu labotale. Mlingo wake unali wocheperako ka 500 poyerekeza ndi umene anyani anaupirira bwinobwino. M'maola ochepa onse anali kayakaya, ziwalo zikulephera kugwira ntchito, ngakhale kuti onse anapulumuka. Zinadziwika pambuyo pake kuti maselo a CD4 okumbukira nkhondo zakale ndi amene analusa, ndipo mwa anyani aja maselo amenewo alibe CD28, pomwe mankhwalawo amagwira. Makoswe ndi mbewa zoleredwa mwaukhondo nazo zili ndi maselo okumbukira ochepa. Mu 2016 Lalit Beura ndi David Masopust ku Minnesota anaonetsa kuti chitetezo cha mbewa ya mu labotale chimafanana ndi cha khanda, ndipo chimayamba kufanana ndi cha munthu wamkulu mbewayo ikakhala limodzi ndi mbewa zogulidwa m'sitolo za ziweto. Mu 2019 Stephan Rosshart ndi Barbara Rehermann anaika miluza ya C57BL/6 m'mimba mwa mbewa zakutchire. Ana obadwawo atapatsidwa mankhwala odzutsa CD28, ma Treg sanachuluke ndipo mauthenga okolezera kutupa anakwera, monga zinachitikira anthu ku London.

Ena akamva izi amati tingosiyiratu nyama, tigwiritse ntchito timatumbo tomeretsedwa m'mbale, tomwe Toshiro Sato ndi Hans Clevers anayamba kumeretsa mu 2009. Timatumbo timeneto n'tothandiza zedi pa mafunso a kakhungu ka thumbo, ndipo pamene tingathe kuyankha, mbewa isaphedwe. N'zimene William Russell ndi Rex Burch anaphunzitsa mu 1959. Koma m'mbale mulibe magazi oyenda, mulibe njira imene selo la T limadutsa kuchoka kumene laphunzitsidwa kukafika ku thumbo. Vedolizumab, yomwe inaloledwa mu 2014, imagwira ntchito potseka alpha-4-beta-7, chizindikiro chomwe chimalondolera selo ku matumbo. Umboni woti zimenezi zingachize unachokera mu 1996 pa tianyani ta ku Colombia totchedwa cotton-top tamarin, tomwe timadwala thumbo tokha tikamasungidwa m'makola. Titabayidwa antibody yotseka chizindikirocho, kutsegula m'mimba kunaleka m'masiku ochepa. Ulendo wa selo umaoneka m'thupi lamoyo basi.

Ndipo popeza nyama ikuvutika m'malo mwathu, malire ake asamakhale okambirana. Mbewa ikwere pa sikelo tsiku lililonse nthawi yofanana, ndipo ikataya 20 peresenti ya kulemera kwake koyamba iphedwe mosaizunza, ngakhale tsiku lomaliza lisanafike. Chakudya chonyowa chiikidwe pansi pa khola kuti yofooka ifikire. Pochepetsa ululu asagwiritse ntchito mankhwala a gulu la ibuprofen, chifukwa amenewo amakulitsa zilonda za m'matumbo. Ndipo mankhwala aliwonse a ululu aperekedwe ku magulu onse mofanana, n'kulembedwa.

Chomaliza chimene ambiri amachiiwala ndi chakudya. Koji Atarashi ndi Kenya Honda anaonetsa mu 2011 kuti mabakiteriya a gulu la Clostridium amachulukitsa ma Treg m'thumbo lalikulu la mbewa, ndipo mu 2013 anapatula mitundu 17 ya m'chimbudzi cha munthu yochita zomwezo. Chaka chomwecho magulu atatu anapeza njira yake: mabakiteriya akagaya ulusi wa m'zomera umene ife sitigaya, amatulutsa timaasidi monga butyrate ndi propionate, tomwe timathandiza kupanga ndi kuchulukitsa maselo oleretsa. Ndiye labotale yodyetsa mbewa chakudya cha tirigu ndi soya chokhala ndi ulusi wambiri, ndi ina yodyetsa chakudya choyeretsedwa, zikuyesa nyama ziwiri zosiyana ngakhale dzina ndi limodzi. Dzina la chakudya ndi kampani yake ziyenera kuoneka m'lipoti monga limaonekera dzina la mankhwala.

Phunziro limeneli mbali ina linachokera ku Malawi. Mu 2013 gulu la Jeffrey Gordon ndi Mark Manary a ku Washington University ku St. Louis, mogwirizana ndi College of Medicine ku Blantyre, linafalitsa zotsatira za mapasa 317 awiriawiri, pomwe mwa 43 peresenti ya iwo mmodzi ankadwala matenda onyentchera mnzake ali bwino, onse akudya m'mbale imodzi. Anatenga chimbudzi cha mapasa ena, mmodzi wa kwashiorkor wina wathanzi, n'kuchiika mu mbewa zopanda bakiteriya aliyense. Mbewa zolandira mabakiteriya a mwana wodwala zinaonda kwambiri pamene zinkadya chakudya chotsanzira cha kumudzi, cha ufa wa chimanga ndi ndiwo zamasamba, ndipo thupi linabwerera zitapatsidwa chiponde. Mu 2015 Andrew Kau wa m'gulu lomwelo anapita patali: anapatula mabakiteriya okhawo amene antibody ya m'matumbo yotchedwa IgA inawagwira, ndiko kuti amene chitetezo chinawaloza chala, n'kuwaika mu mbewa zina. Ambiri anali a banja la Enterobacteriaceae. Khoma la matumbo aang'ono ndi la thumbo lalikulu linawonongeka, mbewa zinaonda, mabakiteriya n'kulowa m'magazi, ndipo zonsezi zinkadalira chakudya chimene mbewa zinkapatsidwa. Mitundu iwiri yotengedwa mwa athanzi, Akkermansia muciniphila ndi Clostridium scindens, itaperekedwa inateteza mbewazo.